Ulendo Womaliza wa Atate pa Galimoto Yozimitsira Moto

Ndinadzuka kusanache, kuzizira kwa mwezi wa Juni kutandilowa m'mafupa. Tinagona pansi m'chipinda chochezera cha nyumba yathu ku Libala, azimayi okhaokha, mipando yonse itatulutsidwa panja. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagonja ndi tulo, ena atatsamira khoma mabuku a nyimbo ali pamiyendo. Amayi anga okha ndiwo anali maso pakona pawo, atafunda chitenje kumutu. Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kutuluka kukasonkha moto wa tiyi.

Panja azibambo anali atazungulira chitsa chimene chinkanyeka kuyambira tsiku limene atate anatisiya. Kuseri kwa nyumba, pansi pa shedi ya malata, kunali galimoto ya atate yozimitsira moto. Ndinaona boneti yake ili yotsegula. Atate sankaisiya choncho.

Galimoto imeneyo atate anaiyendetsa ali mnyamata, nthawi ya atsamunda, pamene munthu wakuda ankaloledwa kugwira chiwongolero ndi paipi koma osati kulamula anzake. Dziko litalandira ufulu kunabwera magalimoto atsopano, iyo n'kukankhidwira kuseri kwa yadi, udzu n'kumera m'kati mwake. Atapuma pantchito, anzawo ankamanga nyumba kumudzi. Atate anakagula chiphapha chimenecho pa okushoni n'kuchikoka ndi thirakitala mpaka pakhomo. Abale anawaseka. Azakhali, mlongo wawo wa atate, ankauza aliyense kuti munthuyu mutu wamusokonekera.

Zaka zimenezo m'masitolo a m'tauni munali mashelefu okhaokha. Tinkaima pamzere kufuna sopo ndi mafuta ophikira, nanji chitsulo cha galimoto yakale yochokera kutsidya kwa nyanja. Atate sanatope. Pampu anakaipeza ku migodi, kwa mnzawo wosunga zitsulo zotayidwa, ndipo anabwera nayo pa sitima ataikulunga m'bulangeti la amayi. Matayala anawapeza kwa mzungu wina wa famu ku Chisamba, atamukonzera thirakitala. Magasiketi ankadula okha pachikopa ndi lezala. Belu la mkuwa la galimotoyo analipeza pasukulu ina ku Kabwata likuitanira ana m'kalasi, ndipo anachonderera ahedi kwa miyezi mpaka anavomera kusinthana ndi limu la tayala la lole. Kutatsala chaka kuti amwalire, injini inalira. Anazungulira Libala yense amayi ali pambali pawo, ndipo pobwerako ananena tonse tikumva kuti tsiku lawo likadzafika, adzapite kumanda pa galimoto imeneyo.

Nditasuzumira mu boneti ndinapeza batire palibe. Nyali zakutsogolo zinali zitazulidwa, mawaya akulendewera. Belu nalonso panalibe.

Sindinavutike kufunafuna. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene anali ndi galaja ku Makeni, anali pamoto paja akumwa tiyi m'kapu ya atate. Matenda onse a atate sanapondeko kuchipatala. Uthenga wa maliro utangomveka ndiye anafika woyamba, atanyamula bokosi la masipana. Ndinamufunsa za batire ndi belu.

"Nasungako chabe, ba sisi," anatero osadzuka n'komwe. "Pamalilo pamabwela bakawalala bambili. Manje katundu wa amalume ndine niyang'anila."

Ndinamuuza kuti atate akwera galimoto imeneyo lero lomwe, abweze zimene watenga. Azibambo a pamoto anayang'ana phulusa. Azakhali anatulukira pakhomo n'kundikoka dzanja, nandinong'oneza kuti mwana wamkazi sakweza mawu pamaliro a atate ake, ndipo kwathu chuma cha mwamuna chimatsata ana a mlongo wake. Pakamwa pawo pankanunkha chiwindi cha nkhuku imene tinasungira abusa.

Dzuwa likutuluka kunafika mkulu wina wa ku Luapula amene anagwira ntchito ndi atate kuyambira unyamata, yemwenso ankawathandiza pa shedi paja Loweruka lililonse. Anabwera panjinga atavala jekete lake lakale la ozimitsa moto, mabatani atawapukuta. Anagwada kupepesa amayi m'Chibemba, kenako ndinapita naye kuseri. Anayang'ana mu boneti nthawi yaitali, nalavula pansi, n'kukweranso njinga. Atabwerako anali atamangirira batire lobwereka pakaliyala. Anamanga mawaya, ndipo injini itatsokomola kangapo inagwira. Amayi ataimva ali m'nyumba analira koyamba m'mawa umenewo.

Anthu anayamba kuchuluka. Kunja kunali mitambo yotuwa yopanda mvula, mphepo ikuulutsa fumbi ndi phulusa m'madilamu a nyemba ndi kabichi. Kunabwera a mpingo, anzawo a atate opuma pantchito, aphunzitsi anzanga a ku Chelstone, ndi ena ambiri amene nkhope zawo sindinazionepo. Abemba anabwera ndi ufa m'manja kudzapaka ife a kum'mawa kumaso, monga mwa chimbuya, chibale chathu chanthabwala ndi iwo, ndipo kuseka kokhako ndiko sikunandinyanse tsiku limenelo. Kumoto ndinaona mayi wina akulowetsa botolo la mafuta ophikira m'chitenje. Anandiona, nane ndinamuona. Anayambitsa nyimbo.

Kenako anafika atcheyamani a chipani a dera lathu ndi anyamata awo. Munthu ameneyu anaitanitsapo atate ku ofesi yake, chifukwa anakana kubwereketsa galimotoyo kuti inyamule anthu okalandira akuluakulu kubwalo la ndege. Tsiku limenelo anaitcha chitsulo cha atsamunda chosungira udzudzu, nawaopseza kuti aichotsa. Lero anailowera ngati yake. Anamangirira mbendera ya chipani pamene panali belu, nakwera pachopondera, nayamba kulankhula. Anati malemuwa anali mwana weniweni wa chipani, ndipo chipani ndicho chinawalimbikitsa kudzidalira ndi kuukitsa galimoto yakufa. Analankhula mpaka tiyi anazizira m'makapu. Palibe anamudula. Masiku amenewo kutsutsa munthu wotero kukanakutayitsa malo pamsika, kapena nyumba imene ukukhala. Amayi anangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Tinakatenga thupi kuchipatala n'kupita nalo kutchalitchi ku Kabwata. Mapemphero atatha, anzawo a atate ananyamula bokosi n'kuligoneka pamwamba pa galimoto, pakati pa makwerero, pamalo pogona mapaipi. Analimanga ndi zingwe zimene atate analuka okha. Mkulu wa ku Luapula uja anakhala pachiwongolero, amayi pambali pake, ine ndinaima kumbuyo nditagwira chitsulo. Malole ndi mabasi anatsatira.

Tinadutsa m'Woodlands pang'onopang'ono. Poti belu panalibe, mkuluyo ankatulutsa dzanja pawindo n'kumamenya chitseko ndi sipana pamphambano iliyonse. Anthu anatuluka m'mageti kudzaona. Ogwira ntchito m'maluwa anavula zipewa, amayi ogulitsa tomato anaimirira, wapolisi wina anachita sailuti mpaka tinamupitirira. Utoto wofiira unkawala ngakhale kunalibe dzuwa. Pamenepo mtima unakhalako pansi. Ndinaganiza kuti kaya zina zonse zitani, chimene atate anapempha chachitika.

Kumbuyo kwenikweni kwa mdipiti kunali galimoto yoyera imene sindinaidziwe. Titafika kumanda a ku Leopards Hill mwini wake anatuluka, bambo wonenepa wa suti, amene ena ananong'ona kuti ndi wabizinesi wa ku Kabulonga. Sanabwere kudzenje. Ife tikunyamula bokosi kulowera m'kati, iye anatsala kumsewu ndi msuweni wanga. Ndinkawaona bwinobwino pakati pa mapewa a anthu. Bamboyo anazungulira galimoto, akumenya matayala ndi nsapato, akugogoda thanki ya madzi, akuwerama kuyang'ana kunsi. Msuweni wanga ankamutsata m'mbuyo akuloza ichi ndi icho. Pambali panga azakhali ankalira mokweza kuposa wina aliyense, akudzigwetsa m'manja mwa azimayi, diso limodzi lili kumsewu.

Bokosi linatsitsidwa. Tinaponya dothi, amayi poyamba, kenako ine. Abusa anati titseke maso tipemphere. Pemphero lili pakati ndinamva injini. Sindikanaisokoneza ndi ina iliyonse, ndinaimva ikubadwa kuseri kwa nyumba yathu. Amene anali pachiwongolero analowetsa giya mwankhanza, zitsulo zinakukutana, ndipo phokosolo linamveka manda onse. Abusa anaima kaye pang'ono, kenako anapitiriza. Nditatsegula maso ndinapeza kuti aliyense maso ali otsegula. Khamu lonse lija linaonerera galimoto yofiira ikutembenuka, yoyera ili patsogolo, mpaka zinalowa m'fumbi. Amene anayesa kuthamanga ndi mkulu wa ku Luapula yekha. Anapunthwa pamitumbira, naima chapatali chipewa chili m'manja.

Anthu anati ameni. Atcheyamani anayamba kufunsa anyamata awo mokalipa kuti mbendera yawo abweza ndani.

Ndinapita kwa azakhali n'kuwafunsa ngati ankadziwa. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwana wanga, galimoto yagwira ntchito yake. Kodi umafuna amayi ako aziiyendetsa?"

Ndinawasiya n'kubwerera pafupi ndi dzenje. Amayi anaika nkhata yawo ya maluwa osayang'ana kumsewu ngakhale kamodzi. Pobwerera anakwezedwa kumbuyo kwa lole ya mpingo, nakhala pathumba la makala. Galimotoyo ndinadzaionanso patapita miyezi, mumsewu wa ku Kafue, itadulidwa kumbuyo, pampu ndi makwerero zitachotsedwa, itanyamula mchenga. Batire lobwereka lija mkulu uja sanalionenso.

Kunyumba tinasamba m'manja pageti monga mwa mwambo. Anthu anathamangira chakudya mokankhana, ena akudya ali chiimire, ena akulongedza m'mapepala. Amene analira kwambiri kumanda ndiwo ankadandaula kuti ndiwo zachepa. Abale a atate sanadikire n'komwe kuti kuche. Anati basi ya kum'mawa imanyamuka m'mamawa, choncho zogawana zithe lero. Mipando inali kale panja, ndiye anangoikweza m'lole. Analowa kuchipinda natulutsa bedi, wailesi, masuti a atate ndi makina osokera amene amayi anagula okha. Amuna awiri akuluakulu anakanganirana nsapato, wina atagwira yakumanja, wina yakumanzere. Amayi anakhala pakona pawo akuona katundu akudutsa. Mkulu wa mpingo anayesa kulankhulapo, anamuuza kuti za banja sizimukhudza.

Dzuwa likulowa lole inanyamuka. A mpingo anatsanzika, aphunzitsi anzanga anathamangira basi ya ku Chelstone. Mkulu wa ku Luapula anachoka pomaliza. Pakhomo anagwira dzanja la amayi ndi manja ake onse, n'kukankha njinga yake osaikwera.

Tinatsala awiri. Ndinasesa mafupa ndi mapepala pabwalo, ndinathira madzi pachitsa chija, ndinatsuka mapoto a eni ake n'kuwasanja pakhonde. Nditalowa m'nyumba ndinakanikiza swichi ya magetsi koma sipanayake kanthu. Mababu nawonso anali atapita. Ndinapeza kandulo m'kabati ya kukhitchini n'kuiimika pansi pakati pathu. Nyumba inkamveka yaikulu, ukatsokomola makoma ankayankha.

Tili chikhalire choncho wina anagogoda. Anali bambo wa nyumba yoyandikana nafe, amene masana ananyamula nawo bokosi. Anavula chipewa, napepesanso, nafunsa ngati amayi adyako kanthu. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti poti shedi ija tsopano ilibe ntchito, mwina malata ake tingamuganizireko asanabwere ena.

Ndinatembenuka kuyang'ana amayi. Sanadzutse mutu.

"Uwauze abwere mawa," anatero. "Lero atate ako angogona kumene."

Ndinatseka chitseko n'kukhoma. Ndinayala chitenje changa pasimenti pafupi ndi amayi, ndipo tinakhala pomwepo mpaka kandulo inatha.