Waya wa Buluu wa Anti Kiyibodi

Mu ofesi yonse amawatchula Anti Kiyibodi. Anayamba ntchito pa taipi ya riboni, nthawi imene kulakwitsa chilembo chimodzi kunali kung'amba pepala lonse, ndipo mpaka lero amamenya mabatani a kompyuta ngati akuwalanga. Desiki yawo ili pakona, pakati pa fotokope ndi zenera losatseguka. Mabwana abwera, mabwana apita, iwo ali pomwepo ndi juzi yawo yokoleka pampando.

Amuna awo anali okonza mafani ndi mawailesi. Anamwalira mwadzidzidzi, ndipo mawu awo anatsala pamalo amodzi okha: kavidiyo kakafupi, ali pakhonde akulimbana ndi fani, akuti, "Amake mwana, musandijambule, vesitiyi yang'ambika kukhwapa," kenako kuseka kwawo kwa m'chifuwa kuja. Foni itadzaza, Anti anaika kavidiyoko mu foda ya onse ya ku ofesi, pakati pa makalata akale. Kwa iwo ku ofesi kunali kosungika kuposa kunyumba: kuli alonda, kuli maloko. Foniyo pambuyo pake inagwera m'beseni lochapira, basi.

M'mawa uliwonse, ena asanafike, ankatsegula kavidiyoko motsitsa mawu, kenako n'kuyamba makalata.

Tsiku lina netiweki inathawa monga imachitira. Anabwera Wamawaya, bambo wa magalasi woyang'anira makompyuta a nthambi zonse, n'kupeza Anti akuonera amuna awo. Anaima chilili.

"Anti, ichi chili mu foda ya onse?"

"Eee. Chavuta n'chiyani, achimwene?"

"Likulu linasesa seva dzulo. Nyimbo, zithunzi, mavidiyo, zonse anataya."

"Nanga si awa akuseka apa?"

Wamawaya anakoka mpando. Anafotokoza kuti kompyutayo imasunga kope lakelake la foda ya onse, kuti netiweki ikathawa ntchito isaime. Koma ikangobwerera, kompyuta imafunsa seva, kompyuta yaikulu ya kulikulu yosunga fodayo, ndipo chimene seva yataya, nayonso imataya, osakambirana. Anazula waya wa buluu kumbuyo n'kuupinda pansi pa desiki.

"Mabowo a fulashi likulu linatseka. Ndikapemphe chilolezo, Lolemba ndidzawatulutse bambowa. Koma waya uwu, ngakhale bwana alamule, musaulowetse."

"Ndiye bambo a kwathu akhala m'ndende mpaka Lolemba?"

"M'ndendemo muli bwino, Anti. Kunja n'koopsa."

Anaseka onse awiri. Koma Anti sanauze munthu wina. Akanayambira pati kufotokoza kuti amuna awo amakhala mu foda ya makalata? Ntchito ya sabata imeneyo ankailembera pa kompyuta ya mnzawo wa ku akaunti, n'kumati yawo ikudwala.

Lachisanu masana anakwera kwa bwana kukasainitsa makalata. Malume a Tiyi, mkulu wophika tiyi ndi kusesa, anali mnzawo wa kalekale. Pa maliro a amuna a Anti paja ndiwo anathamangathamanga kuposa achibale. Posesa pansi pa desiki anaona waya uli lende. Malume si munthu woona chinthu chagwa n'kungodutsa. Anagwada, mawondo akulira, n'kupapasa kumbuyo kwa kompyuta mpaka wayawo unalowa kuti tcha.

Anti pobwera anaona kagetsi kobiriwira kakuphethira. Pakona pa sikirini timivi tiwiri tinkazungulira, kenako tinaima. Anatsegula foda ija. Makalata onse analimo, oyalana bwinobwino. Amuna awo munalibe.

"Achemwali, waya wanu unagwa," anatero Malume, akuika kapu pa desiki. "Ndaubwezera. Mukanadikira Wamawaya uja mpaka imvi. Waulesi ameneyo!"

Anti anayang'ana fumbi la pa mawondo a thalauza la Malume.

"Zikomo, Malume."

"Shuga ndaika wambiri. Musakandinenere kwa adokotala."

Lolemba Wamawaya anafika ndi fulashi m'manja. Anaona kagetsi kaja, n'kuvula magalasi. Anaimba kulikulu, anafufuza mpaka masana, koma kumeneko mavidiyo sanasunge ndi imodzi yomwe.

Anti amafikabe m'mawa ena asanabwere. Amakoleka juzi, n'kukhala manja ali pamiyendo, n'kunena chamumtima mawu aja a vesiti. Amawakumbukira onse, ngakhale pamene amuna awo ankapumira. Kusekako ndiye kwayamba kuwathawa. Akayesa kukubweretsa, chimene chimamveka n'kuseka kwa iwo eni. Kenako Malume amalowa ndi tiyi, ndipo Anti amayamba kumenya mabatani.