Roja wa Che Bwanali

Ndikakumbukira Che Bwanali, mphuno zanga zimayamba zokha kumva fungo la mtovu wopsa. Ankakhala pakhonde m'mawa atavala mkanjo woyera wodzaza timabowo ta moto, mbaula ili pambali, chitsulo chowotcherera mawaya atachisomeka m'makala ngati akuotcha chimanga, ndipo kautsi kake kowawa kankadumpha mpanda n'kudzalowa mpaka m'phala lathu. Kumbuyo kwawo, m'kachipinda kamene ngakhale mphaka ankayamba waodira, munkamveka chinthu chikuthetheka ngati usipa pachiwaya, kenako kuimba mluzu, kenako azungu olankhulira m'mphuno ngati awatsekera m'chitini. Imeneyo inali wailesi yawo. Osati wailesi yanu ija yomvera nyimbo ndi mauthenga a maliro ayi. Iyi ukaiyankhula inkakuyankha.

Ine ndine Esinati. Anthu amati ndimakokomeza nkhani, ndipo aphunzitsi anga omaliza ananena kuti mayeso akanakhala a pakamwa bwenzi pano ndili dokotala. Chabwino. Koma iyi ndiinena mmene inalili, ndingothira kamchere pang'ono.

Tinkakhala cha ku Lifuwu, abambo ankalima mpunga kusikimu, ndipo Che Bwanali tinkasiyana nawo mpanda umodzi. Anali Asilamu a Chiyao, aatali moti chitseko chilichonse chinkawagwaditsa, ndipo anagwira ntchito ya wailesi m'sitima za panyanja mpaka mutu kuyera. Atapuma anagula wailesi yakale kwa mzungu wina wobwerera kwawo, analemba mayeso a boma, n'kupatsidwa laisensi imene anaipachika pakhoma m'galasi. Ine ankanditcha Abiti Phokoso.

Waya wa wailesiyo unkayambira mumtengo wa mango kwawo, kudutsa pamwamba pa bwalo lathu, kukathera pansungwi yaitali kumapeto kwa mpanda. Pakati unkagwera m'munsi pang'ono, ndiye nkhondo inkayambira pamenepo. Amayi anga akaona waya wotambasuka, mtima wawo umaona zochapa.

"Amake Esinati," ankatero Che Bwanali ali pampanda, "chitenje chanuchi chikundilankhulitsa ndi Amwenye, ine ndikufuna Mangalande."

"Ndiye muwauze Amwenyewo anditumizire china, ichi chatha."

"Chimenechi si chingwe choyanikira. Ndi mlongoti."

"Mlongoti wanji wogona chagada? Bwalo ndi langa, dzuwa ndi la Mulungu. Waya wokhawo ndiye wanu."

Ankakangana chonchi sabata iliyonse, ngati pali wina wowalipira.

M'mudzi anthu sankawakonda kwenikweni, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi. Ambiri anali ndi ana ku Joni ndi ku Halale, ndiye ankabwera atanyamula mazira kapena nsomba, kupempha kuti angowaperekera moni. Che Bwanali ankabweza mazirawo. "Laisensi salola," ankatero. "Ine ndimalankhula ndi anzanga a laisensi okhaokha, za nyengo ndi za mawaya. Uthenga wa munthu wina ayi. Kuli anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera." Akatero aliyense ankayang'ana pansi, chifukwa masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa kuti akangofunsidwa kafunso kamodzi, ana ake n'kukula osamuona. Koma akafika panjira ankayamba: mdala woumira uja, angafe ndi wailesi yakeyo.

Anafe tinkabisala pansi pa zenera kumvetsera. Ankayamba ndi "sikiyu, sikiyu," akamaliza kunena ankati "ova," koma mawu amene ankabwera kawirikawiri anali "roja." Roja m'mawa, Roja masana, Roja pa Ramadani, Roja pa Khirisimasi. Ndiye mudzi wonse unkadziwa kuti Che Bwanali ali ndi mnzawo kunja dzina lake Roja. Ena ankati ndi mzungu wandevu, ena ankati ndi jini. Ine chimene chinkandidabwitsa n'chakuti munthuyo sankapita kumunda. Kuwafunsa eni ake panalibe woyerekeza.

Ndili sitandade folo kunagwa mvula yoti achule anayamba kupempha malo m'nyumba. Dambo linadzaza, kamlatho ka pamsewu wopita kuboma kanamira, moti tinatsala ngati tili pachilumba. Amayi anali oyembekezera. Matenda anayamba tsiku lina madzulo, kunja kunacha, dzuwa linakwera, mwana osabadwa. Ana anatithamangitsira kwa azakhali, koma makutu anga sathamangitsika. Ndinali kuseri kwa nkhokwe pamene azamba anatuluka n'kuwauza abambo motsitsa mawu kuti mwana wagona mopingasa, iwo manja awo athera pomwepo, pakufunika chipatala lero lomwe.

Abambo anga ndi munthu woti akaponda minga amapepesa mingayo. Koma tsiku limenelo anadumpha mpanda, ine pambuyo pawo, n'kukagwada pakhonde la Che Bwanali m'matope momwemo.

Che Bwanali anamvetsera zonse. Anatembenuka kuyang'ana m'kachipinda muja, pakhoma pamene panali galasi la laisensi lija, nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti agona choimirira.

"Bambo a Esinati, mukudziwa chimene mukundipempha?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Simukudziwa ayi." Anavula nkhwaira zawo pakhomo. "Bismillah. Lowani."

Atayatsa, wailesi inangoti phwii. Anasuzumira panja n'kupeza mphepo yausiku yagwetsa nthambi, waya uli thasa m'matope. Amuna onse anali atathamangira kukasaka bwato, ndipo abambo mtengo sanakwerepo chibadwire. Che Bwanali anandiyang'ana.

"Abiti Phokoso, paja mango anga amathera m'mimba mwako. Njira ukuidziwa. Kwera."

Amayi ena pampanda anati mtsikana sakwera mumtengo.

"Lero akwera," anatero Che Bwanali.

Ndinakwera, waya ndili nawo kumano, linthumbwi likundidya ngati ndalikongola kanthu. Ine ndimati ndinafika pamwamba poti ndinaona Lilongwe. Che Bwanali ankati ndinafika panthambi yachiwiri. Waya unamangika, basi, ndiye nkhani yake.

Anaitana mnzawo wa ku Lilongwe, zii. Anaitananso, zii. Thukuta linatsika m'ndevu zawo. Pambuyo pake anadzandifotokozera kuti mawu a wailesi yamtunduwu amadumpha ngati chule: amakwera kumwamba n'kukatera kutali, wapafupi osamva kanthu. Ndiye amene anayankha anali mzungu wina wa ku Joni. Che Bwanali anamuuza m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti pali mayi akufa ndi pakati, malo ake akutiakuti. Wa ku Joniyo anaitana mnzake wa ku Blantyre amene anali ndi lamya m'nyumba, wa ku Blantyre n'kuimbira chipatala cha pa Salima. Tangoganizani. Uthenga wopita paboma pompa, poti panjinga umapita m'mawa n'kubwerako nkhuku zisanalowe, unakazungulira ku Joni.

Tinadikira, wailesi ikungothetheka. Kenako mawu aja anabweranso, Che Bwanali akungoti "roja, roja," kenako "roja" wina wautali, n'kupukuta nkhope ndi kofia.

"Alhamdulillah. Galimoto ikukadikira kutsidya kwa dambo. Nyamulani munthu."

Amayi anawanyamula pachitseko mpaka pabwato. Ine anandikaniza kupita. Ndinakhala pakhonde la Che Bwanali mpaka madzulo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sindinalankhule. Iwo anandipatsa tiyi wa shuga wambiri osandifunsa kanthu.

Kuchipatala anachita kuwang'amba. Amayi anapulumuka, mwana anapulumuka, wamwamuna, mutu ngati dzungu. Abambo sanadikire ngakhale azakhali kuti apereke dzina. Anati mwanayu ndi Roja. Anagwira tambala wamkulu pakhomo n'kupita naye kuseri kwa mpanda.

"Uyu ndi wa a Roja. Muwauze kuti banja la a Phiri lagwada."

Che Bwanali anaseka. Ine ndinali ndisanaonepo mano awo, ndinkaganiza kuti anawasiya m'sitima.

"Bambo a Esinati, Roja si munthu. Ndi mawu chabe a pawailesi. Amatanthauza kuti ndamva."

Abambo anavomera mwaulemu, tambala anamusiya. Titatuluka anandinong'oneza: "Akubisa. Anthu akuluakulu safuna kutchulidwa."

Ndiye anawatchula. Kumsika, kutchalitchi, kusikimu, pa bawo, aliyense anamva kuti a Roja a kunja anangouzidwa pawailesi, galimoto n'kutulukira. Abambo ankangothokoza, analibe mawu ena. Koma masiku amenewo nkhani ya munthu wakunja wotumiza galimoto akauzidwa pawailesi inali ndi miyendo. Madzi ataphwa kunabwera galimoto ina, yosakhala ya chipatala. Anatenga wailesi, batire, laisensi ndi galasi lake lomwe, waya anaukulunga pamkono. Kenako anati mdala akwere. Che Bwanali anangopempha kuti atenge mkeka wawo woswalira.

Mudzi unati zii. Anthu ankadutsa pakhomo pathu ngati pali nthomba. Abambo anasiya kudya, ankangokhala kuseri kwa nyumba mutu uli m'manja. Patapita masabata, msuweni wa abambo amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi polisi anabwera ndi mawu: funso ndi limodzi lokha, Roja ndi ndani ndipo ali kuti. Mdala akuti si munthu, apolisi akuti akubisa, ndipo Rojayo akapanda kupezeka mdalayo amutumiza kutali kumene anthu sabwerako msanga.

Amayi anamvetsera akuyamwitsa. Chilonda chinali chisanapole, ankayenda atawerama ngati akusaka singano. Anadzuka, anabereka mwana, n'kundiponyera kachikwama ka matewera.

"Tiye."

"Amake Esinati, mukupita kuti?" anafunsa abambo.

"Inu mwalankhula mokwana. Khalani."

Tinakwera thalakitala ya mpunga, kenako matola. Paboma amayi analowa papolisi ngati akulowa m'khitchini mwawo.

"Ndamva kuti mukufuna Roja."

Wapolisi wa pakauntala anagwetsa cholembera. Anathamanga kukaitana bwana wake, bwanayo anabwera akumanga mabatani, chitseko anatseka.

"Mayi, mukumudziwa Roja?"

"Kwambiri. Ndimagona naye tsiku lililonse."

M'chipindamo ngakhale ntchentche zinaima. Amayi anamasula mbereko pang'onopang'ono n'kumukhazika mwana patebulo.

"Nayu. Mumangeni. Koma mudziwe kuti amayamwa kosalekeza, ndiye mundimange ndi ine ndemwe."

"Mayi, kuno si kosewera."

"Ine ndikuoneka ngati ndikusewera, bwana? Mdala mwasungayo ine sindigwirizana naye, funsani mudzi wonse. Anthu wawakaniza moni wa ana awo zaka ndi zaka, ati laisensi. Tsiku limodzi lokha anaswa lamulo lakelo, chifukwa ine ndinkafa. Wakunja amene mukumufunayo anangomva kuti mayi akufa n'kuuza mnzake. Mukafuna umboni ndikuonetsani pamene anandidula."

Anayamba kumasula chitenje. Bwana uja anatembenukira kukhoma. "Ayi ayi, mayi, valani. Tamva."

Ine ndimanena kuti Roja anakodzera tebulo la bwanayo mpaka mapepala kuyandama. Amayi amati ndi bodza, anangolira. Koma ine ndi amene ndinanyamula matewera, ndiye ndikudziwa.

Sanawatulutse tsiku lomwelo. Anatuluka mwezi utatsala pang'ono kutha. Ena amati dokotala amene anang'amba amayi anakalankhulako, ena amati kunabwera munthu wodziwa za mawailesi n'kuwamasulira mawu aja. Mwina. Ine ndimati ndi amayi anga.

Che Bwanali anabwera wapansi kuchokera pamsewu, mkeka uli m'khwapa, ataonda moti mkanjo unkayenda wokha. Wailesi sinabwerenso, laisensi anaifafaniza. Abambo anapita kukapepesa, koma asanayambe n'komwe Che Bwanali anawafunsa za mbewu ya mpunga, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuyambira pamenepo nkhuku iliyonse ya kwathu inkayamba yapita kwa iwo kuti achinje okha mwa Chisilamu, kuti mbale yawo ituluke mumphika womwewo. Kukangana ndi amayi sikunathe ayi, anangosinthira ku mbuzi.

Chimene chinkandipweteka ine chinali m'mawa. Ankakhalabe pakhonde nthawi yomwe ija, manja ali pamaondo, kachipinda kali chete. Anzawo onse a kutali aja, amene ankawadziwa mawu okha, anawataya tsiku limodzi osatsanzika n'komwe.

Chaka chatha, mwana wawo asanadzawatenge kupita nawo ku Nkhotakota chifukwa cha miyendo, ndinawafunsa. Ndinali nditangolephera mayeso, ndiye ndinali ndi nthawi yofunsa anthu mafunso opweteka.

"Agogo, simudandaula? Bwenzi pano mukulankhulabe ndi Mangalande."

Anayang'ana pabwalo pathu. Amayi ankapeta mpunga uku akukalipira mlongo wanga Roja, amene anali atang'amba kabudula wa sukulu.

"Abiti Phokoso, wailesi ija ndinakhala nayo zaka zambiri. Kuno kukutentha, kwanuko bwanji. Kuno kwagwa mvula, ndikukumvani bwino. Basi. Inanenapo zanzeru tsiku limodzi lokha."

Ine ndili ndi amayi ondikalipira ndi mlongo wondibera chinangwa chifukwa cha tsiku limenelo. Panopa ndimagulitsa tomato pamsewu, ndipo pakamwa panga sipatseka kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, zambiri zake za nyengo ndi mabodza. Amayi amati ndidzafa ndikulankhula. Ine ndimangoti asiyeni. Ndikusunga batire yamoyo ngati wailesi ija, tsiku langa limodzi lonena zanzeru lisadzandipeze nditazima.