Imelo Yomwe Inaulula Make Ikram

M'mawa uja Zulfa anatsegula chitseko cha nyumba yomwe ankabisalamo pa Kanyenda. Pakhomo panaima Tahiru, mwamuna wake yemwe Zulfayo anamuthawa ku Liwaladzi chifukwa cha nkhanza.

"Umayesa Kanyenda ndi kumwamba?" anafunsa Tahiru.

Zomwe zinatsatira sindizifotokoza, zimandipweteka mtima. Zulfa anatsitsimukira kuchipatala, khutu lamanzere litasiya kumva. Tahiru anamangidwa, koma funso linatsala: anadziwa bwanji? Komwe Zulfa anabisala kunkadziwika ndi bungwe lothandiza amayi lokha.

Atachira anapita kuofesi ya bungwelo.

"Ndani anandigulitsa?"

A Sailesi, oyang'anira makompyuta, anamuonetsa imelo yomwe bungwe linatumizira mabungwe anzawo. Kompyuta yawo inali ndi pulogalamu yochokera kunja yofufuta mayina ndi manambala a foni imelo isanapite. Dzina loti Zulfa linafufutikadi bwinobwino. Koma m'munsi munatsala mawu akuti: "Make Ikram, mwana wa a muwazini oitanira mapemphero kumzikiti wa ku Liwaladzi, pano akugulitsa mpunga pa Kanyenda." Msuweni wa Tahiru, kalaliki wa bungwe lina, anawerenga kamodzi kokha, n'kumuimbira foni Tahiru.

Zulfa anawerenganso mawuwo.

"Subuhanallah! Kwathu alipo amanditchula Zulfa? Ngakhale amayi anga amati Make Ikram. Makina anuwa abisa dzina lapachiphaso, n'kusiya lomwe mudzi wonse umandidziwira!"

A Sailesi anagwira pakamwa. "Anawapanga anthu akutali, mayi. Zathuzi sazidziwa."

"Ndiye ndiwaphunzitsa ineyo."

Omwe anamva anaseka chamumtima, ndipo kunena zoona nanenso ndikanaseka. Mayi wosiyira sukulu Fomu 3, womva khutu limodzi, woti mausi yoyendetsera kompyuta ankaigwira ngati nkhanu yamoyo, akaphunzitse kompyuta?

Zulfa anapempha kuti azisesa ofesi, malipiro ake akhale kukhala pakompyuta masana. Anabwerera kusukulu. Mayeso a Fomu 4 anamugwetsa, analira mpaka maso kutupa, chaka chotsatira anakalembanso n'kukhoza. Kenako anachita maphunziro a makompyuta, mpunga akugulitsabe kuti Ikram adye.

Pamsika, khutu lotsala lija linagwira ntchito ya makutu awiri. Ankamvetsera mmene anthu amalozerana munthu osatchula dzina: mkazi wamng'ono wa mwini khoka la chilimira, mlamu wa kapitawo wa kunzimbe, uja anaferedwa mapasa kufupi ndi mlatho wa Bua. Zonsezo ankakazilowetsa m'pulogalamu yomwe ankapanga ndi a Sailesi.

Poyamba inachititsa manyazi. M'malo mofiiritsa mawu oulula munthu okha, inkafiiritsa chilichonse, moni ndi chambo zomwe. Anakonza, inalakwanso, anakonzanso. Zaka zinapita choncho.

Itakhwima, anaganiza zoiyesa pa maimelo omwe bungwe linatumiza kale. Antchito onse anaunjikana kumbuyo kwa Zulfa. Iye anadina batani.

Sikirini inafiira ngati mwathiridwa magazi. Imelo pambuyo pa imelo, amayi omwe bungwe linkati lawabisa anali poyerayera. Akuluakulu a bungwe anakhala pansi osayang'ana komwe kuli mpando.

Zulfa analoza imelo yapamwamba, yomwe inapita sabata yomweyo. Inkanena za "mpongozi wa a shehe, wosoka zovala kuseri kwa chigayo."

"Ameneyu ndi Kulusumu," anatero. "Galimoto ipite pompano. Osati mawa, pompano!"

Kulusumu anasamutsidwa masana omwewo, ana ndi makina osokera zonse. Kutacha, anthu oyandikana naye anaimba foni. Mwamuna wake anali atafika ndi chikwanje, n'kuthyola chitseko cha nyumba yopanda munthu.

Zulfa atamva, analira kuposa tsiku lomwe anagonekedwa kuchipatala.

Lero pabungwelo palibe imelo imatuluka pulogalamu ya Zulfa isanaiwerenge, ndipo iye ndiye mkulu woteteza zinsinsi za amayi. Kulusumu ali moyo, akusoka mayunifolomu a ana asukulu kumalo komwe ine sindikuuzani.

Inu amene mukuwerenga, mwina chinakuvulazani chikadali pomwepo, chikudikira wina. Musanene kuti sukulu yanu ndi yochepa kapena kuti nthawi inakutherani. Mukalakwa konzani, mukagwa dzukani. Mtima wokhawo musautaye, pali munthu amene moyo wake ukudikira khama lanu.