Anadula gitala ya a Zuze pakati pa nyimbo kuti tifupe

Holo ina ya pa Boma pa Chikwawa yandilakwira Loweruka lapitali, ndipo sindikhala chete. Dzina sinditchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo amene munalipo masana aja mukuidziwa.

Ine ndine mayi wa kwa Maseya, mlimi wa thonje ndi mapira. Bandi ya Ziphaliwali ndinayamba kuitsatira ndili mtsikana. Ana a lero simuidziwa, ndiye khalani pansi ndikuuzeni. Anali anyamata asanu, magitala awo olira ngati akukalipa, nyimbo za roko koma mawu ake Chimang'anja chathu chomwechi. Lero atsala atatu. Mtsogoleri wawo, a Zuze a kwa Makhuwira, mutu wayera mbuu, zala zapindika ndi nyamakazi. Analengeza pa wailesi kuti shoo ya Lowerukali ndi yotsanzika, akufuna kutsirizira kwawo kuno kuchigwa.

Amuna anga, bambo a Joana, ndinakumana nawo pa shoo ya bandi yomweyi ku Nchalo, nthawi imeneyo akudula nzimbe ku esiteti. Anandiponda phazi povina, ine n'kuwatukwana, mapeto ake ana asanu ndi zidzukulu zodzaza bwalo. Shoo ya Ziphaliwali sinkatiphonya, ngakhale kukhale matope ofika m'mawondo.

Chaka chatha bambo a Joana anagwidwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, mawu anathawa. Dzina langa satha kulitchula. Chimene chinatsala m'kamwa mwawo ndi nyimbo imodzi ya bandi imeneyi, ija ya "Madzi Abwera". Akakhala pansi pa mtengo wa nimu amaiyimba cha m'khosi, yopanda mawu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakati pake pali malo pamene oyimba onse amakhala chete, gitala ya a Zuze n'kumalira yokha, kukwera, kukwerabe mpaka thupi kuchita tsemwe. Amuna anga akafika pamenepo amatukula dzanja lamoyolo m'mwamba ngati kale. Kaseti yathu inapita ndi madzi osefukira, ndipo m'mafoni anuwa nyimboyi mulibe. Ndinkangofuna kuti aimvenso kamodzi kuchokera kwa mwini wake. Basi.

Tinakwera kabaza ya njinga yamoto, iwo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira kuti asagwe. Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Pakhomo ndinalipira K5,000 mutu umodzi, osawiringula. Ndinawakhazika kutsogolo kwenikweni pa mpando wa pulasitiki.

Chikwangwani chinati 1 koloko. Bandi inafika nthawi yake, tinaiona ndi maso, madala atatu atakhala pa benchi, magitala ndi timitengo ta ng'oma zili pamiyendo. Koma zokuzira mawu ndi za holo, ndipo munthu wozilumikiza akuti anali kaye ku chinkhoswe kwa Kasisi. Anatulukira 3 koloko itadutsa. Denga la malata, mafani akufa, ine ndikukupiza amuna anga ndi chitenje. Sindinadandaule. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ofuna nyimbo tinali ife.

Atayamba, ndinaiwala kutopa konse. Madala aja akadali ndi moto, abale. Ndinaona phazi lamoyo la bambo a Joana likugunda pansi.

Nyimbo ili pakati, zii. Tonse tinati magetsi athima. Koma ayi, maiki imodzi ikugwira. Kutsogolo kwaima bambo wa suti yonyezimira, emusi wa pa holopo, pambali pake mayi wina atanyamula beseni lochapira. Akuti tiyeni tione chikondi, onse a ku Nchalo nyamukani mudzafupe, nyimbo ipitirira mukatha.

Perekaniperekani. Pa shoo ya roko.

Anthu anaseka, ena anaponyadi timakwacha poganiza kuti ndi nthabwala ya kamodzi. Nyimbo yachiwiri anaidulanso, akuti tsopano onse ovala zipewa. Yachitatu anaidula kuti agulitse nkhuku yowotcha kwa wopereka zambiri. Mkwati ali kuti? Akukwatiwa ndani, a Zuze? Ankhoswe ndi ati kuti tiwaone? Woyimba ng'oma anangogwira timitengo take m'malere, kukamwa yasa. A Zuze anayang'ana pansi, ndipo ine manyazi anandigwira ngati wolakwa ndine.

Ndinapempha mayi woyandikana nane kuti andionere amuna anga, n'kupita kukafuna manijala. Ndinamupeza kuseri, pamthunzi, akudya chipisi.

"Bambo, chikuchitika m'katimu mukuchimva?"

"Amayi, kuno ndi mmene timachitira," anatero osasiya kutafuna. "Za pakhomo ndi za bandi, za m'beseni ndi za holo. Nanga ife tidye chiyani?"

Ndinafunsa ngati a bandi anauzidwa zimenezi. Akuti zimenezo sachita kuuzana, aliyense amadziwa. Akuti emusi wawo ndi katswiri, maukwati onse a pa Boma amayendetsa ndi iyeyo, palibe anadandaulapo.

Ndinameza mkwiyo. Ndinamufotokozera za amuna anga, za sitiroko, za nyimbo ija. Ine mayi wa zidzukulu ndinagwada pa fumbi pamaso pa mwana woti ndikanamubereka. Ndinati dulani zonse mmene mufunira, koma "Madzi Abwera" yokha muisiye ithe.

"Osadandaula agogo, emusiyo ndimuuza."

Pochoka ndinacheuka. Anali akuthira tsabola pa chipisi chake.

Nditangokhala pansi, a Zuze anati nyimbo yotsatirayi ndi ya onse amene madzi anawalandapo kanthu. Holo yonse inadziwa. Bambo a Joana anawongoka pampando, chinthu chimene sachita popanda kuwagwira. Anayamba kuyimba cha m'khosi, diso lili pa a Zuze. Ndime yoyamba inadutsa. Yachiwiri inadutsa. Mumtima ndinati kodi mwana uja wamuuzadi, Mulungu amudalitse. Oyimba anakhala chete, gitala inayamba kukwera. Dzanja la amuna anga linanyamuka pang'onopang'ono.

Zii.

"Apa ndiye pokoma!" anakuwa emusi uja. "Gitala imeneyi taitseka ndi loko. Siliranso mpaka beseni lidzaze!"

Zala za a Zuze zinapitirira kuyenda pa nsambo kanthawi, popanda chomveka. Mdala sanadziwe msanga kuti amuzimitsa. Dzanja la amuna anga linatsala m'malere. Anatembenuka kundiyang'ana ngati mwana amene walandidwa chakudya pakamwa. Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene adokotala anandiuza kuti sadzayankhulanso.

Bambo wina wa ku Nsanje anaimirira kumbuyo. "Nkhabe, ayi, izi si zoona. Tabwerera nyimbo ife, osati ukwati." Anthu anayamba kukuwiza. A Zuze anasolola chingwe pa gitala, n'kuyankhula opanda maiki, koma tonse tinamva.

"Ine si mkwatibwi. Takhuta, zikomo abale anga. Pitani bwino."

Mukuganiza kuti emusi anachita manyazi? Akuti agogo a gitalawa akwiya, tiyeni tiwapepese ndi kangachepe. Wa zokuzira mawu uja n'kuika nyimbo yolowera akwati, beseni n'kumazungulira.

Ndinawapeza a Zuze panja akulongedza. Ndinawapempha kuti mwina angayimbe gawo lokhalo pompo, pansi pa mtengo, kwa munthu mmodzi. Anandionetsa manja awo. Zala zinali zitatupa, zikukana kupindika.

"Mayi, zala izi ndimachita kubwereka kwa mankhwala," anatero. "Ndinamwa masana kuti zindifikitse kumapeto. Nthawi yathera pa benchi ndi pa beseni. Ngakhale atayatsa tsopano, sizingatheke."

Anapita pamene ndinakhazika amuna anga, anagwira dzanja lamoyo lija ndi manja awo onse awiri. Kenako anakwera minibasi.

Manijala nditamubwereranso, anayamba ndi kundiuza kuti matikiti sabweza chifukwa bandi yachoka yokha. Ndani wakupemphani ndalama? Ndinafunsa ngati anamuuza emusi monga analonjezera. Akuti anatanganidwa. Akuti komanso agogo musakokomeze, nyimbo ndi nyimbo, mukamvera ina kunyumba.

Ndiye ndikufunsa pano, poyera, aliyense amve. Ndani anakuuzani kuti paliponse pamene pasonkhana anthu ndi ukwati? Ngati holo yanu imadya za m'beseni, bwanji simunalembe pa chikwangwani kuti tidziwe tisanachoke kwathu? Bwanji simunawauze madala aja asanatsike phiri kubwera kuchigwa kuno ndi magitala awo? Munthu wayimba moyo wake wonse, wabwera kudzatsanzika kwawo, inu n'kumuyesa nkhuku ya pa okushoni? Kufupa sitikana, ndi mwambo wathu, ndipo tikanafupa tokha nyimbo itatha, mwinanso kuposa zimene munatolera. Koma kufupa sachita kukanikiza munthu pakhosi.

Inu oyimba, mukamabwera kuno muziyamba mwafunsa kuti chozimitsira mawu chili m'manja mwa ndani. Inu okonda nyimbo, mukaona beseni pafupi ndi siteji, bwererani pakhomo pomwepo.

Chiyambire Loweruka, bambo a Joana akuyimbabe pansi pa nimu. Ndime yoyamba, yachiwiri. Akafika pa gitala amaima pomwe emusi anadulira paja. Dzanja silinyamuka. Amangondiyang'ana, kudikira kuti wina ayatse. Ndayesa kuwayimbira ndekha gawolo, mawu anga sakwera kufika kumeneko.

A manijala, kwa Maseya si kutali. Bwerani ndi emusi wanu mudzawauze nokha kuti nyimbo yawo ikudikira beseni lidzaze. Ine ndalephera.