Chitedze pa Mabenchi a Makolo

Ndikaona chitedze m'njira ya ku Fingoe ndimaseka ndekha. Titabwerako ku Zambia komwe tinathawira nkhondo, tikumanganso sukulu, akazi a aphunzitsi ankabweretsera oumba njerwa thobwa. Apulofesa Tembo, mphunzitsi wathu, anabwera ndi Lazaro atasenza ndowa ya thobwa. "Wakunyumba kwanga ndi ameneyu," anatero Apulofesa osaphethira.

Makolo anaitanitsa msonkhano woti awathamangitse. Ine, pokhala mwana, ndinkayesa mlandu ndi thobwalo, chonsecho linali lokoma kuposa la amayi onsewo. Ndinawaza chitedze pamabenchi.

"Mwamuna ndi mwamuna mnzake, ana akuona!" anakuwa a Phiri, mkulu wa mpingo, n'kuyamba kukanda matako ana omwewo akuona. Msonkhano unathera kumtsinje, ndipo manyazi sanalole kuuitanitsanso. Apulofesa anatiphunzitsa mpaka tinamaliza.

Lero ndikudziwa kuti mlandu sunali thobwa. Ndikanadziwa kale, ndikanathyola thumba lathunthu.