Nkhope ya Bambo mu Kaseti ya Ukwati

Ndikukumbukira tsiku limene ndinagwira kamera koyamba, ndipo sindinaigwirenso mpaka lero. Wandikumbutsa ndi mwana wanga Tamanda, amene watha mwezi wathunthu akundilondola ndi fomu ya sukulu yophunzitsa kupanga mafilimu ku Blantyre. Amayi ake akuti apite ku unamwino. Anzake akuti sukuluyo n'kutaya nthawi chabe, foni ndi yokwanira. Ine ndimafika pakhomo kuchokera ku minda ya nzimbe msana utauma ndi thalakitala, onse n'kumafuna kuti ndigamule. Ndatopa nazo, kunena zoona.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene achemwali anga, a Esinati, ankakwatiwa kwathu kwa Makhuwira. Munali mu Okutobala, mwezi uja nkhuku zimayenda zitayasama. Atsibweni anga anabwera kuchokera ku Tete ndi chikamera choika paphewa, cholowetsa kaseti. Koma iwo anali ankhoswe, sakanatha kujambula okha. Atafunsa amene angaigwire, ana onse analoza ine. Nanga si ndinkadziwika! Panalibe filimu ya karate imene inadutsa pa vidiyo ya pamsika ine osaionera, ngakhale mosuzumira pa mpanda wa bango. Ndinadziguguda pamtima kuti ndikudziwa zonse. Atsibweni anandisonyeza batani lofiira, basi, maphunziro anga anathera pomwepo.

Bambo anga anali mlimi wa thonje, munthu wosakonda zoonekera. Analibe chithunzi ngakhale chimodzi, poti ka pachitupa kanapita ndi madzi osefukira. M'mawa wa tsikulo mayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Uwajambule bwino abambo ako," anatero. "Lero avala jekete. Mawa sadzalolanso."

Ndinavomera, koma mutu unali kale m'mafilimu. Ndinagona chafufumimba n'kumajambula mapazi a amayi ovina utse, fumbi likundilowa m'mphuno. Ndinakwera mu mtengo wa masau, minga ikundibaya m'ntchafu, kuti anthu ndiwaone kuchokera m'mwamba. Ndinathamangitsa mbuzi. Mtsikana wina wa kwaya ndinamujambula nthawi yaitali kuposa mkwatibwi, chonsecho iye dzina langa sankalidziwa n'komwe.

Bambo anayankhula kamodzi kokha, cha m'ma folo koloko. Anaima pabwalo, kunja kwa chisakasa, dzuwa litapendekera kutsidya kwa Shire kumbuyo kwawo. Pamenepo phewa langa linali litachita dzanzi, malaya atandimatirira ndi thukuta, pansi pakuwotcha mapazi. Ndinachita zimene munthu aliyense wa kuchigwa kuno amachita: ndinathawira pamthunzi. Ndinakhala pansi m'chisakasa muja, pafupi ndi chidebe cha thobwa, n'kulozetsa kamera kwa bambo. Pagalasi ndinkaona kuti kukuda, koma ndinati ndi maso anga otopa.

Patatha sabata, banja lonse linapita kwa mwini vidiyo wa pamsika, amene anatipatsa mpata masana. Anatseka mazenera ndi masaka, m'kati mukununkha mafuta a jenereta ndi thukuta. Anthu anaseka mbuzi, anaseka mapazi, anandiseka za mtsikana wa kwaya uja mpaka ndinafuna kulowa pansi. Kenako anafika bambo. Mawu ankamveka bwinobwino, Chisena chawo chosakaniza ndi Chimang'anja, akulangiza mkamwini. Kumbuyo kwawo kunali mbee. Koma iwowo anali bii ngati chitsa chopserera, mapewa ndi makutu basi. Maso panalibe, pakamwa panalibe.

Mayi anauza mwini vidiyo kuti awonjezere kuwala. Iye anapotokola tonse topotokola, koma ayi ndithu. Bambo anakanda kumutu n'kunena kuti, "Bola mawu akumveka, mwananga. Takhuta." Anandithokoza! Kukanakhala bwino akanandimenya.

Bambo anamwalira dzinja lotsatira, atadwala masiku anayi okha. Mayi ankapita ndi kasetiyo kumsika mwezi ndi mwezi, n'kukhala okha pa benchi kumvetsera chitsa chija chikuyankhula. Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Kaseti nayo inadzachita nkhungu ndi chinyezi, mawu aja n'kutha.

Patapita zaka, ndili kale pa ntchito, ndinafotokozera nkhaniyi munthu wina amene ankajambula msonkhano wa mpingo wathu. Sanadabwe. Anati, "Dzuwa lizikhala kumbuyo kwa wojambula. Zimenezo amaphunzitsa tsiku loyamba." Mawu ochepa chonchi, oti munthu akanandiuza tikumwa thobwa. Ndinapita kunyumba osadikira pemphero lomaliza.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana aliyense ali ndi kamera m'thumba, ndipo foni imawalitsa nkhope payokha. Tamanda wajambula kale asodzi a kudambo, amayi ogulitsa nsomba zouma, ngakhale ine ndili mtulo pa mphasa. Anzake aja mwina akunena zoona. Kaya sukuluyo imapezetsa ntchito, ine sindikudziwa, ndipo amene anapitako sindinamuonepo kwathu kuno. Chimene ndikudziwa n'choti inenso ndinali nditaonera mafilimu ambiri, ndipo ndinkati ndikudziwa.

Lamlungu lapitali tinakhala pakhonde titaweruka ku tchalitchi, kunja kukutentha moti ngakhale ntchentche zinalibe mphamvu. Tamanda anati filimu yake yoyamba idzakhala ya agogo ake, bambo anga aja, ndipo akufuna munthu wofanana nawo woti adzasewere.

"Ababa, kodi ankaoneka bwanji?"

Ndinatseka maso kuti ndiwaone. Ndinayesetsa ndithu. Mphuno sinabwere, maso sanabwere. Anabwera mapewa ndi makutu, kumbuyo kuli mbee. Mayi anatisiya kalekale, achemwali nawonso, ndipo atsibweni sazindikiranso munthu. Palibe woti ndingamufunse.

Ndinamuuza kuti akatenge fomu ija ndi cholembera. Ndikusaina, anandifunsanso za nkhope ya agogo ake, ndipo ndinamuyankha kuti sindikudziwa.