Sipoko ya Njinga ndi Mabatani a Ababa

Ababa anali munthu womanga mabatani mpaka pakhosi. Kaya dzuwa likuswa mtengo, kaya akungopita kuseri kukaona nandolo, malaya amayenera kutsekedwa onse, kolala itaima. Anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka zambiri, ndipo atapuma pantchito ukapitawowo unatsalira m'malaya. Sikipa ankati ndi ya anyamata othamangitsa mpira.

Pamudzi pathu, kufupi ndi Limbuli, ababa anali mkamwini. Kwawo ndi kutsidya kwa malire, ku Milange. Amayi atamwalira, mwambo wosudzula utatha, abale awo anati munthu wawo abwerere kumudzi. Ine ndi mchimwene wanga tinakana kwamtuwagalu. Azakhali, alongo awo a ababa, anatiyang'ana n'kuyankha.

"Akhale," anatero. "Koma tsiku limene adzalephere kudzisamala, ndidzabwera kudzamutenga. Mwana wamkazi sangamaveke bambo ake ife tili moyo."

Tinavomera msanga, poti ababa nthawi imeneyo anali kupalasa njinga mpaka ku Muloza osapuma. Kenako mchimwene wanga anapita ku Joni, langa banja linali litatha kale, choncho panyumba tinatsala awiri.

Maliro aja anawatsekera ababa pakamwa. Amadya, amalima, amapita kutchalitchi, koma mawu ochepa. Chinawatsegula ndi chinthu chopanda pake. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndili ndi chizolowezi choipa chotha bandulo poonera zachabechabe za pa intaneti. Lamlungu lina masana ndili pakhonde ndinaseka ndekha, ababa n'kufunsa chimene chandisekesa. Ndinawaonetsa nsapato zokhala ndi tiambulera tiwiri kumapazi. Anayang'ana, anavala magalasi, anayang'ananso.

"Nanga mutu wake uli panja?"

Anaseka tsiku limenelo koyamba chimwalirire amayi. Ine ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga madzi, chonsecho ndimakapukuta misozi.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana inali ntchito yathu. Sabata yonse ndimawasungira zodabwitsa: chipangizo chodulira nthochi, ngati kuti nthochi inavutapo munthu, galu wovala jekete ya mvula, mkulu wina amene anakasuma chifukwa tambala wa neba amalira m'mamawa. Ababa amaweruza mlandu uliwonse ngati ali pantchito. Amakonda kwambiri madandaulo. Wina analemba ndime zitatu zathunthu kudandaula kuti kumalo odyera anamupatsa tiyi wozizira.

"Mayi, umulembere," anandiuza. "Umuuze abwere kuno adzathyole yekha m'chiperoni, dengu lili kumsana. Akamadzamwa adzaona kuti ndi wotentha."

Koma chimene chinawaseketsa koposa zonse chinali kachipangizo komangira mabatani. Kanali ndi chogwirira chamtengo ndi kawaya kopindika kutsogolo. Mu kanema wake munkaoneka manja okha: kawaya kalowa pabowo, kakola batani, kalikokera kunja. Ababa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ulesi uwu ndiye wafika pena! Munthu wolephera kumanga batani lake, ameneyo watha. Angomunyamula abwerere kwa amake."

Inenso ndinaseka, sindibisa. Ndinatumiziranso anzanga akusukulu kuti aseke nawo.

Patapita chaka ndi miyezi, nyengo yokolola nandolo, ababa anagwa m'munda. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mwendo akukoka, mawu akulemera, dzanja lamanja litangoti lende. Lamanzere limagwira, koma zala zake zinali zitauma kale ndi nyamakazi. Pang'onopang'ono tinapeza njira pa zambiri. Kubafa ndinaikako kampando, amasamba okha. Mathalauzi ndinakaikitsa lasitiki kwa telala. Kudya anaphunzira ndi supuni. Chinatsala ndi mabatani basi.

Ndinawagulira masikipa awiri abwino. Anawayang'ana ngati ndawabweretsera matewera. Malaya amavala okha, mokokakoka, koma amakhala otsegula, chifuwa chili pamtunda. Ndipo munthu amene sanaonetsepo khosi lake pagulu sakanatuluka chomwecho. Anasiya kukhala pakhonde. Anasiya tchalitchi. Alendo akabwera amadzifunditsa bulangete, kunja kukutentha.

Tsiku lina mtima unandipsa. Ine ndili ndi mkwiyo wa amayi anga, wofulumira kuyaka.

"Ababa, mabatani asanu okha atisowetse mtendere? Bweretsani kuno!"

Ndinagwada n'kuyamba kumanga. Sanandiletse. Anangotembenuzira nkhope kukhoma, ndipo nditafika pa batani lachitatu dontho linagwera padzanja langa. Ndinamaliza, koma ndinatuluka m'chipindamo ndikudziona ngati wakuba. Choipa china, zenera linali lotsegula, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anabwera kudzazonda anaona zonse. Sanachite mwankhanza, koma nkhani kwathu kuno siifunsidwa pasipoti pa Muloza. Sabata isanathe uthenga unafika: azakhali abwera Loweruka kudzatenga mlongo wawo.

Ndinachita mantha enieni. Ababa anachoka ku Milange ali mnyamata. Munda wawo uli kuno, manda a amayi ali kuno, anzawo onse ali kuno. Ndinkadziwa kuti akawoloka malire aja sadzabwereranso, ndipo ndinkadziwanso kuti sadzakana, chifukwa chigamulo cha munthu wolephera kumanga batani anali atachipereka okha pakhonde paja akuseka.

Ndi pamene ndinakumbukira kawaya kaja. Ndinafufuza mufoni mpaka ndinakapeza. Kuitanitsa kunja sikukanatheka m'masiku asanu, choncho Lolemba nditaweruka ndinapita kwa mkulu wina wachisilamu wokonza njinga pa Limbuli, amene ankawakonzera ababa njinga yawo. Ndinawaonetsa kanemayo ndikuseka pang'ono, kuti akaseka tisekere limodzi. Sanaseke.

"Tabwezani," anatero. Ndinabweza. "Ichi n'cha munthu wodwala manja. Taonani zalazo mmene zikunjenjemerera."

Ndinayang'anitsitsa. Manja a mu kanema muja anali a munthu wokalamba, khungu lamakwinya, mfundo za zala zotupa, mphete itazama m'chala. Kanemayu tinamuonera mwina kasanu, ababa ndi ine, osaona chilichonse mwa zimenezi. Manyazi anandigwira pakati pa njinga zogadabuzidwa zija.

Mkuluyo anatola sipoko yakale, anaipinda kawiri n'kuipana kutsogolo kuti ichepe, anailowetsa m'kachidutswa ka nsungwi, n'kukulunga ndi mphira ya chubu kuti isaterere m'manja. Anayesera pamkanjo wawo, anakonzanso, anayeseranso.

"Akapitawo ndi onyada," anatero pondipatsa. "Musawapatse m'manja."

Ndinamvera. Nditafika kunyumba ndinaima pakhomo la chipinda chawo.

"Ababa, ulesi uja wafika pa Limbuli. Taonani zimene akupanga anthu masiku ano."

Ndinaika kachipangizoko pampando pafupi ndi bedi. Anakayang'ana, anandiyang'ana ine. Anakazindikira pomwepo, ndinaona pankhope. Ine ndinatuluka.

Lachiwiri kawaya kanali pomwe ndinakasiya. Lachitatu m'mawa ndikusesa ndinamva kung'ung'udza m'chipindamo, kenako mawu a Chilomwe amene sindinkadziwa kuti ababa, mkulu wa mpingo, amawadziwa. Atapita kubafa ndinapeza batani pansi litathothoka. Ndinatenga malayawo ngati ndikukachapa, ndipo kusukulu nthawi yopuma ndinasomola mabatani onse n'kuwasokanso momasuka, ulusi wautali pang'ono, kuti kawaya kazikola mosavuta. Madzulo ndinawabwezera pamalo pake. Sanandifunse, sindinawauze. Lachinayi ndinawaona podutsa atamanga awiri apansi, thukuta lili kamukamu. Lachisanu anatseka chitseko tsiku lonse.

Loweruka azakhali anafika pa kabaza cha m'ma teni, atatenganso kabaza wachiwiri wopanda munthu. Ameneyo ndiye anandiswa mtima. Anakhala pamkeka pakhonde, ndinawapatsa madzi, tinapatsana moni. Anafunsa za ku Joni, za nandolo, kenako anati, "Muitane mlongo wanga."

Ndisanadzuke, chitseko chinatseguka. Ababa anatuluka ndi ndodo, akukoka mwendo, atavala malaya awo oyera a kutchalitchi. Anali omangidwa mpaka pakhosi. Koma analumpha bowo limodzi poyamba pomwe, ndiye malaya onse anapendekeka: kolala ina m'mwamba pafupi ndi khutu, ina pansi, ndipo kumunsi mbali imodzi inalendewera ndi bowo lopanda batani. Ndinanyamuka kuti ndiwakonze msanga, osaganiza n'komwe, koma azakhali anandigwira pamkono.

"Khala pansi iwe."

Anamuyang'ana mlongo wawo kuyambira kukhosi mpaka kumunsi.

"Achimwene, wakuvekani ndani?"

"Ndekha," anatero ababa. Liwulo linatuluka molemera koma lomveka.

"Zikuoneka," anatero azakhali. "Munthu wamaso awiri sangaveke mnzake chonchi."

Anayamba kuseka, kuseka kwake kogwira m'mimba, ndipo pakati pa kusekako anakoka nsonga ya chitenje n'kubisa nkhope. Ababa anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kawaya kaja, anakaika pamkeka pakati pawo ngati umboni pabwalo. Azakhali anakatembenuzatembenuza, anayesera pabulauzi yawo, analephera, ababa n'kuwalangiza ngati akhala akukagwiritsa ntchito chibadwire. Anacheza mu Chilomwe mpaka dzuwa kupendeka. Anadya nyemba za kalongonda zimene ndinaphika, akudandaula kuti ndachepetsa mchere.

Powaperekeza kumsewu, azakhali anandiuza motsitsa mawu, "Mawu anga aja sindinawameze ayi. Koma si lero." Kabaza wachiwiri uja anabwerera atanyamula thumba la nandolo.

Ababa anakhala nafe zaka zina zitatu, ndipo atamwalira anagona pafupi ndi amayi. Masiku ambiri malaya amawongoka, masiku ena amapendekeka, ndipo pamudzi ponse panalibe wowauza. Kawaya kaja ndili nako m'kabati, mphira yake inayamba kusweka.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi Lamlungu lotsatira, tsiku limodzi azakhali atapita. Titabwera kutchalitchi ababa anakhala pakhonde, malo awo akale. Ine ndinasiya foni m'nyumba dala, poganiza kuti masewera aja anatha, kuti sitingathenso kuseka anthu osawadziwa.

"Mayi," anaitana. "Foni ija ili kuti?"

Ndinabwera nayo. Ndinawaonetsa galu wina atakwera njinga yamoto, anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kenako anayang'ana mapazi awo, omwe anali m'nsapato popanda sokosi chigwereni m'munda muja.

"Panali wina uja tinkamuseka," anatero. "Wovala sokosi ndi chipangizo chazingwe."

"Ndikumukumbukira, ababa."

"Tamufunenso. Ulendo uno tione bwinobwino mmene amachitira."